Kugonana Msanga, Mowa ndi Chamba: N'chiyani Chimakoka Chinzake?

Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi oona za ana anazindikira kalekale chinthu chimene ofufuza anadzachitsimikizira ndi ziwerengero. Mwana amene wayamba zogonana ali wamng'ono amapezekanso kawirikawiri kuti walawa kale mowa, fodya kapena chamba, amajomba kusukulu, ndipo masiku ena sagona pakhomo. Makhalidwe amenewa amakonda kuyendera limodzi, ndipo zimenezi zapezeka ku America, ku Ulaya, ku Asia ndi kuno ku Africa. Apa palibe wotsutsa. Akatswiri amasiyana maganizo pa chifukwa chake. Kodi mowa ndiwo umakankhira mwana ku zogonana? Kodi chibwenzi choyamba msanga ndicho chimamulowetsa m'gulu la osuta? Kapena pali chinthu china chobisika chimene chimabala zonsezi?

Yankho la funsoli ndilo limatiuza koyenera kuika ndalama zochepa zimene boma, mipingo ndi mabungwe ali nazo. Limauzanso kholo choyenera kuchita likapeza kabotolo ka mowa m'chikwama cha mwana wa Sitandade 7.

Malire a nkhaniyi

Ofufuza ambiri amati munthu wayamba zogonana msanga ngati wagonana koyamba asanakwanitse zaka 15, ngakhale ena amaika malire pa zaka 16. Amasankha msinkhu umenewu chifukwa pansi pake mavuto a thanzi amachuluka moonekeratu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa achinyamata a m'Malawi a zaka 15 mpaka 24, atsikana 14 ndi anyamata 19 pa 100 aliwonse anagonana asanafike zaka 15. Anapezanso kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera.

Tikamati mankhwala ozunguza bongo, ambiri amaganiza za cocaine ndi heroin. Kwa mwana wa ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa Jenda, zoledzeretsa zoyamba kukumana nazo ndi kachasu, mowa waukali wa m'timabotolo, fodya ndi chamba. Mowa ndiwo uli patsogolo, ngakhale lamulo limaulola kwa akuluakulu. Makhalidwe oika moyo pachiswe amene tikuwanena pano ndi kugonana mosadziteteza, zibwenzi zambiri nthawi imodzi, kugonana pofuna ndalama kapena katundu, ndewu, kuba, ndi kuyendetsa njinga yamoto munthu ataledzera.

Mmene funsoli linayambira

Kafukufuku wozama pa nkhaniyi anayamba ku United States m'zaka za m'ma 1970. Mu 1975 Denise Kandel, atatsatira ophunzira a m'masekondale a boma la New York, anaona kuti achinyamata amalowa mu zoledzeretsa mwa masitepe. Amayamba ndi mowa wofewa, kenaka fodya kapena mowa waukali, kenaka chamba, ndipo ochepa amafika pa mankhwala oopsa kwambiri. Apa ndi pamene panachokera ganizo loti khalidwe limodzi limatsegulira khomo linzake.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1977, Richard Jessor ndi Shirley Jessor anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo wa ku Colorado, komwe anatsatira ophunzira a sekondale ndi a koleji kwa zaka zinayi. Iwo anapeza kuti kumwa, kusuta chamba, kuphwanya malamulo ndi kugonana msanga zimapezeka mwa achinyamata omwewo, ndipo achinyamatawo amakhala otalikirana ndi sukulu, mpingo ndi makolo, koma oyandikana kwambiri ndi anzawo. Maganizo awo anali akuti makhalidwewa ndi zizindikiro za vuto limodzi, ndiponso kuti kwa wachinyamatayo ali ndi tanthauzo: ndi njira yonenera kuti wakula, sakulamulidwanso.

Edzi itafika m'zaka za m'ma 1980, funsoli linasanduka la moyo ndi imfa, ndipo kafukufuku anafalikira ku mayiko a kumwera kwa Africa. Komabe zambiri zimene zili m'mabuku zinapezeka pakati pa ana a mayiko olemera. Tiyenera kuzigwiritsa ntchito mosamala, monga tionere pansipa.

Ganizo loyamba: mowa ndiwo umatsogolera

Ili ndilo ganizo la anthu ambiri, ndipo lili ndi maziko. Mowa umafooketsa mbali ya ubongo imene imaletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma. Mu 1990 Claude Steele ndi Robert Josephs anafotokoza kuti munthu woledzera amaona zapafupi zokha. Chilakolako chili pomwepo, pamene mimba, matenda ndi manyazi zili kutali, choncho zapafupizo ndizo zimapambana. Ofufuza ena anayesa mfundoyi popatsa anthu akuluakulu mowa mwa muyezo, ena n'kuwapatsa chakumwa chopanda mowa. Anapeza kuti mowa ukamachuluka m'magazi, anthu amavomera mosavuta kuti angagonane popanda kondomu.

Koma nkhani sithera pamenepo. Barbara Leigh mu 2002 anasonkhanitsa akafukufuku amene anafunsa anthu za tsiku lenileni limene anagonana, ngati anamwa ndiponso ngati anadziteteza. Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Kwa akuluakulu ozolowera, kumwa sikunasinthe kwenikweni kagwiritsidwe ntchito ka makondomu: wozolowera kuvala ankavalabe atamwa, wosavala sankavala ngakhale asanamwe. Pamene mowa unaoneka kuti uli ndi mphamvu ndi pa kugonana koyamba. Wachinyamata amene wamwa pa tsiku loyambalo ndiye amalephera kwambiri kudziteteza. Izi n'zomveka, chifukwa munthu wosazolowera alibe chizolowezi choti chimugwire dzanja nzeru zikagona.

Palinso umboni woti kuyamba msanga kumwa n'koopsa pakokha. Bridget Grant ndi Deborah Dawson mu 1997 anapeza kuti anthu a ku America amene anayamba kumwa asanafike zaka 15 anali pangozi yochuluka kanayi yodzakhala zidakwa poyerekeza ndi amene anayamba pa zaka 20 kapena kupitirira.

Ganizo lachiwiri: chibwenzi ndicho chimatsegula khomo

Ena amati njira imayenda chobwerera. Mtsikana wa zaka 14 akagwa m'chibwenzi ndi mwamuna wa zaka 22, amalowa m'dziko la akuluakulu, momwe mowa ndi fodya zili pafupi. Amatalikirana ndi anzake a msinkhu wake, amayamba kubisira makolo, ndipo chibwenzi chikatha amatha kumwa pofuna kuiwala. Mu 2007 Stacy Armour ndi Dana Haynie a ku Ohio anapeza kuti achinyamata oyamba zogonana anzawo asanayambe ankachita zophwanya malamulo zambiri m'chaka chotsatira.

Chaka chotsatira, Paige Harden ndi anzake ku Virginia anayesa mfundo yomweyo pa mapasa oposa 500. Ubwino wa mapasa ndi woti amakulira m'nyumba imodzi, ndi makolo amodzi, pa umphawi kapena chuma chimodzi, ndipo ena amafanana chibadwa ndendende. Ngati kugonana msanga ndiko kumabala khalidwe loipa, ndiye kuti amene anayamba msanga mwa awiriwo azidzaipa kuposa mnzake. Sizinatero. Kusiyana kumene kunkaoneka poyerekeza ana a mabanja osiyana kunazimiririka poyerekeza ana a banja limodzi. Izi zikusonyeza kuti gawo lalikulu la vutoli limachokera ku nyumba ndi chibadwa.

Mapasa sanathetse mkangano wonse. Michael Lynskey ndi anzake mu 2003, atafufuza mapasa a ku Australia, anapeza kuti amene anasuta chamba asanafike zaka 17 anali pangozi yaikulu yodzagwiritsa ntchito mankhwala ena kuposa mnzake wobadwa naye amene sanasute. Ndiye kuti pa chamba, kuyamba msanga kungakhale ndi mphamvu yakeyake, kaya kudzera mu ubongo kaya kudzera mwa anthu amene wosutayo amayamba kuyenda nawo.

Ganizo lachitatu: chitsa chimodzi

Umboni wochuluka lero ukuloza ku ganizo lachitatu, ndipo ndi limene ndikuliona kuti ndi lolimba. Makhalidwewa ali ngati mphukira za chitsa chimodzi: ukadula imodzi, ina imaphuka pambali pake, chifukwa muzu uli pansi. Funso lenileni ndi loti muzuwo ndi chiyani.

Mbali ina ndi kakulidwe ka ubongo. Mwana akatha msinkhu, mbali ya ubongo yofuna chisangalalo, zatsopano ndi kuyamikiridwa ndi anzake imadzuka mwamphamvu. Koma mbali ya kutsogolo, cha pamphumi, imene imaganizira za mawa ndi kudziletsa, imakhwima pang'onopang'ono mpaka cha m'ma zaka 25. Pakati pa nthawi ziwirizi pali zaka zingapo zimene chilakolako chili ndi mphamvu kuposa kudziletsa. Mwana wotha msinkhu msanga, makamaka mtsikana, amakhala nthawi yaitali mu mpata umenewu, thupi likuoneka lachikulire pamene nzeru zikadali za mwana.

Margo Gardner ndi Laurence Steinberg mu 2005 anaonetsa mmene anzake amasinthira wachinyamata. Anapatsa anthu a misinkhu yosiyanasiyana masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta. Ali okha, achinyamata ankayendetsa mosamala pafupifupi ngati akuluakulu. Anzawo atakhala pambali kuonerera, ankachita zoopsa zochuluka kwambiri, pamene akuluakulu sanasinthe kwenikweni. Achinyamatawo ankadziwa ngozi bwinobwino. Chimene chinasintha ndi kukoma kwa kuoneka wolimba mtima pamaso pa anzawo. N'chifukwa chake uphungu wongochulukitsa mantha umagwa pansi: mwanayo amaumva masana ali yekha, koma chisankho amachipanga usiku ali pagulu.

Ana amasiyananso pa kudziletsa kuyambira ali aang'ono. Ku Dunedin, New Zealand, ofufuza akhala akutsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973. Terrie Moffitt ndi anzake mu 2011 anaonetsa kuti ana amene ankavutika kudziletsa asanafike zaka khumi ndi chimodzi ndiwo ambiri anadzayamba kusuta msanga, kusiya sukulu, ndi kubereka ali achichepere.

Nkhanza: muzu umene sitikonda kuutchula

Ubongo wa mwana aliyense umadutsa m'njira yomweyi, koma si onse amagwa. Chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi zimene mwanayo wakumana nazo. Mu 1998 Vincent Felitti ndi Robert Anda anayamba kutulutsa zotsatira za kafukufuku wa ku San Diego, yemwe anakhudza anthu akuluakulu oposa 17,000. Anawafunsa za ubwana wawo: ngati anamenyedwa, kugwiriridwa, kunyozedwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kapena kukhala ndi chidakwa m'nyumba. Amene anakumana ndi mitundu inayi kapena kupitirira ya mavuto amenewa anali pangozi yochuluka kanayi mpaka ka 12 ya uchidakwa, mankhwala ozunguza bongo, matenda a nkhawa ndi kuyesa kudzipha. Kugonana msanga ndi mimba za achichepere zinkakwera mofananamo.

Njira yake ndi yodziwika. Mwana wokhala mwamantha tsiku ndi tsiku sagona bwino, satha kumvetsera m'kalasi, ndipo mtima wake sukhazikika. Akalawa mowa kapena chamba amapeza mpumulo wa maola ochepa umene sanaupezepo kwina. Akapeza munthu womuuza mawu okoma amamukakamira, ngakhale munthuyo akhale womudyera masuku pamutu. Amene akuona kunja amati mwanayo walowerera. Kwa mwanayo, akufunafuna pothawira.

Kuno kwathu mfundoyi ndi yolemera kwambiri. Kafukufuku wa boma wa 2013 wa nkhanza zochitikira ana ndi atsikana anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Mwa atsikana amene anagonana asanafike zaka 18, oposa mmodzi mwa atatu ananena kuti ulendo woyambawo sanafune, anachita kuumirizidwa. Ziwerengerozi zikusintha funso lonse. Tikamati mwana "anayamba" zogonana, timayankhula ngati anasankha. Kwa atsikana ambirimbiri, chimene mabuku amachilemba ngati khalidwe loika moyo pachiswe ndi mlandu umene wina anawapalamulira. Mowa ukabwera pambuyo pake, umabwera ngati mankhwala a bala.

Chifukwa chake chithunzi cha ku America sichikwanira kuno

Pali chinthu china chofunika kuchiona. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi World Health Organization wa 2009 anapeza kuti m'Malawi amuna pafupifupi 30 pa 100 aliwonse amamwa mowa, pamene akazi ndi 4 okha. Ngati akazi akumwa pang'ono chonchi, koma atsikana pafupifupi atatu mwa khumi akutenga mimba asanafike zaka 20, ndiye kuti kuledzera kwa mtsikana sikungakhale chifukwa chachikulu. Nthawi zambiri woledzerayo ndi mwamunayo. Mowa umalowa m'nkhaniyi kudzera mwa chidyamakanda wa pa bala, mwa msodzi amene wangolandira ndalama, mwa bambo womupeza wobwera usiku, kapenanso kudzera m'malo amene mtsikana amatumidwa kukagulitsa mandasi, mtedza kapena kachasu wa mayi ake.

Kwa anyamata, chithunzi cha Jessor chimagwira ntchito bwino. Mnyamata wosiya sukulu n'kuyamba kabaza, kuitanira minibasi kapena kukoka makoka ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay amakhala ndi ndalama za m'manja tsiku lililonse, ali kutali ndi maso a makolo, pakati pa amuna aakulu amene amayesa umuna ndi mowa, chamba ndi akazi. Zonse zitatu zimamupeza pa malo amodzi, mwina m'mwezi umodzi. Ambiri amakhulupiriranso kuti chamba chimapatsa mphamvu zogwirira ntchito yolemetsa kapena nzeru za mayeso.

Kwa atsikana, muzu waukulu ndi umphawi ndi kusiya sukulu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anaonetsa kuti m'mabanja osaukitsitsa atsikana 44 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atayamba kubereka, pamene m'mabanja olemera anali 15. Mtsikana wa pa sekondale yoyendera amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, wopanda sopo, ufa kapena ndalama ya mayeso, ali pamalo ovuta kukana mwamuna wa ndalama. M'madoko a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi ya Chilwa, kugonana posinthana ndi nsomba ndi nkhani yodziwika. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linanena kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo ana pafupifupi 13,000 analowa m'banja. Ena amafunsa kuti ndi angati mwa amenewa akanatenga mimba ngakhale sukulu zikanakhala zotsegula, ndipo funsolo n'loyenera. Komabe aphunzitsi ambiri anaona okha mipando yopanda anthu sukulu zitatsegulidwa.

Pa chinamwali pali mkangano wake. M'madera ena a kumwera anamwali akhala akulimbikitsidwa kusasa fumbi akatuluka kusimba, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linalemba za miyambo yotereyi. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 linailetsa. Koma kunena kuti chinamwali chonse ndi choipa n'kulakwitsa. Anamkungwi ndi ena mwa akuluakulu ochepa amene ali ndi chilolezo cha mudzi choyankhula ndi mwana za thupi lake mosabisa. Chofunika n'choti zimene akuphunzitsa zigwirizane ndi msinkhu wa mwana ndi lamulo.

Kupezeka kwa zoledzeretsa mosavuta nakonso kumachulukitsa vuto. Masacheti atafala, mowa waukali unatsika mtengo mpaka mwana wa pulayimale ankatha kuugula ndi ndalama ya chiwaya n'kuubisa m'thumba la yunifolomu. Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, ndipo boma la Malawi linaletsa masacheti mu 2015, kenaka linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017. Koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki totchipa. Pa chamba, lamulo la 2020 linalola kulima kwa mankhwala ndi mafakitale kwa okhala ndi ziphaso zokha. Kusuta n'koletsedwabe, ngakhale achinyamata ena anamva ngati chamba chamasulidwa.

Zimene zimachitika m'thupi

Kaya chinayamba n'chiti, zinthuzi zikakumana zimalimbikitsana, ndipo thupi la mwana ndilo limalipira. Khomo la chiberekero la mtsikana wamng'ono limakhala lisanakhwime, choncho tizilombo ta HIV, chinzonono ndi HPV timalowa mosavuta. Ngati mwamunayo ndi wamkulu, mwayi woti ali kale ndi kachilombo ndi waukulu, ndipo mtsikanayo alibe mphamvu youmirira kondomu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene atsikana a m'Malawi amapezeka ndi HIV kuposa anyamata a msinkhu wawo. HPV ndiyo imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene dziko lathu lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Mafupa a m'chiuno a mtsikana wosakhwima amathanso kutsekereza mwana pobereka, n'kusiya fistula, matenda amene chipatala cha Bwaila ku Lilongwe chili ndi malo apadera owachizira.

Chamba nacho chili ndi ngozi yake pa ubongo womwe ukukula. Marta Di Forti ndi anzake mu 2019 anapeza, m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil, kuti osuta tsiku lililonse anali pangozi yochuluka katatu yodwala misala, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku lililonse, pafupifupi kasanu. Akatswiri akukanganabe kuti ndi gawo lalikulu bwanji la ngoziyi limene likuchokera ku chambacho, ndi limene likuchokera ku chibadwa cha osutawo. Ambiri osuta sapenga. Koma woyamba ali wamng'ono, wosuta pafupipafupi, ndi wokhala ndi wachibale wodwala misala, ali pamzere woopsa.

Zimene zayesedwa

Njira ziwiri zotchuka zinalephera. Pulogalamu ya DARE, yoyamba ku Los Angeles mu 1983, inkatumiza apolisi m'makalasi kukachenjeza ana za mankhwala. Inafalikira m'sukulu zambiri, koma ataiyesa anapeza kuti sinachepetse kwenikweni kusuta ndi kumwa. Maphunziro olalikira kudziletsa kokha, osatchula njira zodzitetezera, nawonso atayesedwa ku America mu 2007 anapezeka kuti sanachedwetse kugonana. Kudziletsa ndi chinthu chabwino, ndipo kwa mwana ndi njira yotetezeka koposa zonse. Chimene chinalephera ndi kuganiza kuti mawu okha angasinthe moyo wa mwana amene zomuzungulira sizinasinthe. Mbali inayi, UNESCO itaunika akafukufuku ambiri inapeza kuti kuphunzitsa ana za matupi awo mokwanira, mogwirizana ndi msinkhu, sikuwafulumizitsa kuyamba zogonana monga makolo ambiri amaopera, ndipo nthawi zina kumachedwetsa.

Umboni wina wamphamvu unachokera kuno komwe, ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009 Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama zochepa mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Mwa atsikana amene anali pasukulu poyamba, olandira ndalama anapezeka ndi HIV 1.2 pa 100 aliwonse, pamene osalandira anali 3.0. Atsikanawo sanapatsidwe ulaliki uliwonse. Chimene chinasintha n'choti ochepa anali ndi zibwenzi za amuna aakulu. Tiyenera kunenanso mbali inayo: HIV sinayezedwe poyambirira, ndipo patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, phindu lambiri linazilala. Ndalama zinateteza nthawi imene zinalipo, chifukwa umphawi umene zinkautchinga unali ukadalipo.

Kumadzulo kwa Kenya, Pascaline Dupas anauza ophunzira a Sitandade 8 mfundo imodzi yoona, yoti amuna aakulu ali ndi HIV kwambiri kuposa anyamata a msinkhu wawo. Mimba zinatsika ndi 28 pa 100 aliwonse, makamaka zopatsidwa ndi amuna aakulu. Ku Eastern Cape, South Africa, Lucie Cluver ndi anzake anayesa maphunziro okhazika pamodzi makolo ndi ana awo achinyamata, ndipo mu 2018 anafotokoza kuti nkhanza za m'nyumba ndi kumwa zinatsika.

Iceland inatenga njira ya mudzi wonse. Mu 1998, ana 42 pa 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16 anali ataledzerapo m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5. Dzikolo linaika nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba usiku, linalimbikitsa makolo kugwirizana ndi kukhala nthawi yambiri ndi ana, ndipo linaika ndalama m'masewera, nyimbo ndi zaluso zoyang'aniridwa ndi akuluakulu. Otsutsa amati kumwa kwa achinyamata kunkatsika kale m'mayiko ena a ku Ulaya pa nthawi yomweyo, komanso Iceland ndi dziko laling'ono lolemera. Ndi zoona. Komabe mfundo yake si yachilendo kwa ife, chifukwa makolo athu ananena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Malamulo a m'midzi amene mafumu ena akhazikitsa, ntchito imene Inkosi Kachindamoto anaigwira ku Dedza yothetsa maukwati a ana, ndi magulu a amayi a m'sukulu zili m'njira yomweyo. Malamulo a dziko aliponso: lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo kuyambira 1993 mtsikana wobereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Chimene chikuperewera ndi kuwatsata.

Kwa makolo, aphunzitsi ndi azaumoyo

Popeza makhalidwewa amachokera pa muzu umodzi, chizindikiro chimodzi chikaoneka tiyenera kufunsa za zinazo. Namwino amene walandira mtsikana wa zaka 14 wodwala chinzonono asangomupatsa mankhwala. Afunse mwachinsinsi kuti mwamunayo ndani, ali ndi zaka zingati, ndipo kunyumba kuli bwanji. Mphunzitsi amene wagwira mnyamata ndi chamba aganize kawiri asanamuchotse sukulu, chifukwa sukuluyo mwina ndi chingwe chomaliza chomugwira, ndipo akamuchotsa amupereka m'manja mwa omwe amamugulitsa chambacho. Kholo lopeza kabotolo m'chikwama likayamba ndi chikwapu, mwanayo amaphunzira kubisa bwino. Funso loyamba likhale loti, "Mwanawe, chikuchitika n'chiyani?" Ndipo kholo lidziwe kumene mwana ali dzuwa likalowa, anzake ndi ndani, ndi kumene kwachokera foni kapena nsapato zatsopano. Kutuma mwana kukagula mowa kapena kukagulitsa malonda pa bala usiku kuyenera kutheratu.

Thandizo lilipo. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo m'zipatala zikuluzikulu muli malo a Chikwanekwane, kumene adokotala, apolisi ndi alangizi amapezeka pamodzi. Ovutika ndi mowa kapena chamba angathandizidwe ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku chipatala cha Zomba Mental, ndi kwa anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za maboma. Mwana akagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi pasanathe masiku asanu. Musadikire kuti akuluakulu a mabanja awiriwo ayambe akhala pansi kukambirana. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.